Magazi pa Khonde la Kazembe

Sajeni Zipora Kachigamba anafika pakhomo pa a Efulemu Chikwakwa Lolemba m'mawa, fumbi la msewu wochokera ku Mitundu litamuyeretsa nsapato. Unali mwezi wa Julaye. Mphepo inkawomba kuchokera ku phiri la Bunda, ndipo m'zigafa za m'mbali mwa msewu munali mutatsala fodya wochepa woyembekezera ulendo wa ku okushoni.

Nyumbayo ankaidziwa kuyambira ali mwana. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ina yapafupi, ndipo popita kusukulu ankadutsa m'mbali mwa mpanda wake wa nkhadze. Masiku amenewo inkakhala yotseka chaka chonse. Koma pa Khirisimasi pabwalo pankaima galimoto yakuda, ana n'kukanirira pampanda kuti aone munthu amene ankati amadya ndi mafumu a kunja. A Chikwakwa ankatuluka atavala suti, n'kumafunsa mwana aliyense dzina lake ndi kwawo, ngati akulonjera alendo olemekezeka. Tsopano anali atapuma ntchito ya ukazembe, ndipo chiyambire Loweruka anali gone m'chipatala cha Mitundu, osalankhula, mutu utakulungidwa bandeji.

Mlongo wawo, mayi Agnes, amene ankawasungira pakhomo chimwalirire mkazi wawo, anamulandira pakhonde. Pansi pa masitepe panali mwala waukulu wopondapo, ndipo wina anali atawazapo phulusa. Zipora ananjuta n'kulipalasa ndi kamtengo. Magazi anali atauma, atada.

"Ine kunalibe, mwanawanga," anatero mayi Agnes asanafunsidwe. "Ndinali ku ukwati ku Nathenje, wa mdzukulu wa mnzanga wa ku Chigwirizano. Maukwati a masiku ano ndi phokoso lokhalokha. Ife kale tinkachoka kutchalitchi wapansi, nyimbo zili pakamwa, mkwatibwi osadzutsa mutu mpaka..."

"Mutabwerako munapeza chiyani, mayi?"

"Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, achimwene atapita nawo kale pangolo."

"M'nyumba mwasowa chiyani?"

"Foni yokha. Wailesi ilipo, njinga ilipo, ngakhale masuti awo a kunja aja ali momwemo. Wakuba wanji wosiya zonsezo?"

Zipora anakwera pakhonde. Panali mipando iwiri yoyang'anana, makapu awiri a tiyi, ndi bawo pakati, nkhomo zili m'maenje ngati osewerawo angodzukapo.

"Izi simunazisunthe?"

"Ndikuopa kuzigwira. Bawo limenelo ndinalikweza pamwamba pa wadirobu chaka chimene anatisiya alamu anga, mayi ake a mwana wawo Ethel. Achimwene sanalifunsenso. Ndiye Loweruka analitsitsa okha, munthu wa msana wovuta."

"Kale ankasewera ndi yani?"

"Ndani sanasewerepo pakhonde pano? Aphunzitsi, abusa, anzawo a ku boma. Pankadzaza pano, ine n'kumangowiritsa madzi a tiyi tsiku lonse. Ambiri a iwo ali kumanda." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anatsitsa mawu. "Koma ngati mukufuna munthu, yambani ndi Kondwani, manijala wa pa esiteti. Anabwera Lachinayi, anaima pomwe mwaimapo, n'kunena kuti akuluakulu ena amafera za eni."

* * *

Amene anawapeza a Chikwakwa atagwa anali Rozina, tenanti wochokera ku Phalombe. Zipora anamupeza m'chigafa akusankha fodya. Fungo la masambawo linamubwezera kutali. Anaona manja a amayi ake akuda ndi utomoni, anamva abambo ake akutsokomola m'mbandakucha, ndipo anaima kaye pakhomo asanalowe.

Rozina sanasiye ntchito.

"Ndinawapeza chafufumimba, dzuwa litapendeka. Ankapuma. Ndinakuwa."

"Munkakatani kumeneko?"

"Anandiitana. Tikonzeke za ulendo."

"Ulendo wa kuti?"

"Ku Lilongwe. Mawa. Kwa akuluakulu a boma."

Zipora anakhala pa belo n'kudikira. Rozina anamanga kaye mtolo umene unali m'manja, ndiye anapitiriza.

"Chaka chino chonse akhala akuyenda m'zigafa ndi foni yawo, kutijambula mawu. Za ana osiya sukulu kuti azisoka fodya. Za mabanja obwerera kwawo chimanjamanja. Amati kunja kuli msonkhano wa maiko, akufuna kugwirizana mfundo yoteteza ife a m'minda ndi ana athu. Amati dziko lathu lili ndi voti, koma silinasankhe mbali. Mawu athu onse anali mufoni muja."

"Panjira munakumana ndi munthu?"

"Fumbi. Galimoto yoyera, yolowera ku Nathenje."

"Manijala wanu ali ndi galimoto yotani?"

Kwa nthawi yoyamba Rozina anadzutsa maso.

"Yoyera."

* * *

Kondwani anali mnyamata wa mapewa otambalala, makiyi ali lendee palamba. Sanamupatse Zipora mpando.

"Sajeni, tisatayitsane nthawi. Ndinakalipa, inde, ndipo nditha kukalipanso. Mfundo imeneyo ikadutsa, ogula akunja ayamba kutifunsa mafunso osatha, ena angosamukira maiko ena. Ndiye matenanti omwewo adzadya voti? Koma Loweruka ine ndinali pamzere wa okushoni ku Kanengo ndi lole ya mabelo. Ndinachoka kuno Lachisanu, ndabwera dzulo. Funsani dalaivala, funsani alonda a pageti, funsani mayi wa chipisi amene ankandidyetsa."

"Nanga galimoto yanu yoyera?"

"Ili kugalaja ku Mitundu. Giyabokosi inafa mvula isanathe."

Zipora anapita kukaona yekha. Galimotoyo anaipeza ili pa miyala, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuusa kunsi kwake. Dalaivala wa lole, atamuimbira, ananena zofanana ndi za bwana wake, n'kuwonjezera kuti manijalayo amaliza nkonono.

Anagula nzimbe pamsika n'kukhala pansi pa mtengo kuti aganize. Mlendo wa Loweruka sanali mdani wobwera ndi ndodo. Anali munthu amene a Chikwakwa anamukondwerera mpaka kukwera pampando ndi msana wovuta kuti atsitse bawo. Ali mkati moganiza, foni yake inalira. Nambala inali ya kunja.

"Ndine Ethel Chikwakwa, mwana wa a Efulemu. Ndikuimba kuchokera ku Geneva. Azakhali andipatsa nambala yanu." Mawu ake anali otopa. "Sajeni, bambo anga anavulala Loweruka masana. Nanga zatheka bwanji kuti Loweruka madzulo ananditumizira uthenga?"

* * *

Zipora anataya nzimbe ija.

"Yambani poyambira, chemwali. Ntchito yanu kumeneko ndi yotani?"

"Ndili ku ofesi ya kazembe wathu. Lachinayi maiko avota pa mfundo ya anthu ogwira ntchito m'minda. Mavoti ayandikana kwambiri, ndiye maiko ang'onoang'ono ngati ife tasanduka okondedwa. Kuno voti amaisaka ngati mbewa nthawi yokolola, pa una uliwonse pali munthu ndi khasu. M'mawa wina akukuitanira khofi, akukukumbutsa za chithandizo chimene dziko lake limatipatsa. Masana wina akukudyetsa nsomba, akukuuza kuti dziko lake likuganiza zotimangira mlatho. Palibe amene amanena kuti gulitsani voti. Amangoti, abwenzi amakumbukirana."

"Ndiye abambo anu akulowamo bwanji? Si anapuma ntchito?"

"Ife sitivota zathu, timadikira mawu ochokera kumudzi. Koma akuluakulu amene akupanga chiganizo ku Lilongwe, ambiri anaphunzira ntchito m'manja mwa bambo. Anawauza kuti sagamula asanawamve. Aliyense kuno akudziwa zimenezo."

"Ndiwerengereni uthengawo."

Kunamveka kupuma, kenako Ethel anawerenga pang'onopang'ono. "Nachisanu mwanawanga, ndalingalira bwino. Matenanti asintha maganizo. Uwauze akuluakulu kuti ine sindibwera, ndipo malangizo anga ndi oti tisavote mbali iliyonse. Usandiimbire, ndili pamaliro."

"Munawauza?"

"Ndinatsala pang'ono. Kalembedwe ndi kawo ndithu. Koma dzinalo linandiletsa."

"Nachisanu?"

"Ndinabadwira kunja, ku ofesi yawo yoyamba, mwezi umene kunagwa chisanu choopsa. Amayi ndi amene anandipatsa dzina limenelo. Ankandiitana nalo pondisambitsa, pondiluka tsitsi. Bambo nawo ankalikonda. Koma tsiku limene tinaika amayi, anandiuza kuti dzina limenelo lapita ndi mwini wake. Sananditchulenso choncho, ngakhale kamodzi."

Zipora anaimirira. "Azakhali anu amalidziwa?"

"Ayi. Kumudzi ndinali Ethel basi. Linali dzina la m'nyumba, la kunja kuja."

"Ndiye wolemba uthengawu ankalowa m'nyumba mwanu masiku amenewo, koma sanakhale nanu pafupi chimwalirire amayi anu. Alipo wotero?"



"Alipo mmodzi," anatero Ethel. "Ndi amene anandinyamula pochokera kuchipatala. Ankolo Petro, mnzawo wa bambo."

* * *

A Petro Kamchacha ankakhala kuseri kwa masitolo a pa Nathenje, m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Pansi pa mtengo wa mango panali galimoto yoyera, yotsukidwa kumene, madzi asanaume pansi. Mwini wake anatuluka yekha kudzamulandira Zipora, mkulu wa imvi zosamalika ndi mawu ofewa, n'kumulowetsa pabalaza ngati mlendo amene ankamuyembekezera.

Pakhoma panali chithunzi chakale. Anyamata awiri ovala majasi akuluakulu anaima pa chisanu choyera, pakati pawo mayi atafukata khanda.

"Ameneyo ndi Efulemu, uyo ndine," anatero a Kamchacha. "Tinayamba sukulu tsiku limodzi ku Mitundu, tonse opanda nsapato. Tinkagawana chinangwa chimodzi. Ndege tinakweranso tsiku limodzi, iye n'kusanza ulendo wonse. Kunja kuja tinalibe kanthu, mayi. Ofesi yathu inali kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato. Koma tikalowa mu holo ya maiko, tinkayenda ngati kumbuyo kwathu kuli asilikali. Munthu ukakweza dzanja m'dzina la dziko lako, umamva kulemera kwake paphewa."

"Munaonana nawo liti komaliza?"

"Pamaliro a mlamu wanga, mkazi wake. Pambuyo pake iye anasankha kuyenda m'zigafa, ine ndinayamba kulangiza ogula fodya akunja. Sitinayambane. Tinangosiya kuyenderana, monga zimakhalira."

"Ogulawo akufuna chiyani pa voti ya Lachinayi?"

A Kamchacha anamwetulira. "Mwakonzekera bwino. Akufuna dziko lathu likhale pakati, lisavote uku kapena uko. Si tchimo kufuna zimenezo, ndipo si tchimo kuzinena kwa amene angamve."

"Loweruka munali kuti, bambo?"

"Ku Diamphwe, pamaliro a mwana wa msuweni wanga amene anafera ku Joni. Ndinafika m'mawa, ndinakhala mpaka kumanda. Tinamuika dzuwa litapendeka, ine ndinaponya nawo dothi. Za Efulemu ndazimva dzulo kutchalitchi, ndipo mtima wanga sunakhazikike."

Zipora anathokoza n'kutsanzika. Pamsewu waukulu anakwera minibasi yolowera ku Dedza.

* * *

Ku Diamphwe sanavutike kupeza mudziwo. Pabwalo panali pakadali phulusa la moto wa pamaliro, ndipo amayi ankabweza miphika yobwereka. Mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wa mano otha, anamutengera pambali.

"A Kamchacha? Anabwera, eya. Loweruka m'mawa. Anapepesa, anakhala pang'ono ndi amuna pansi pa mtengo, kenako anati akukathira mafuta. Mafuta ake sitinawaone mpaka lero."

"Sanafike kumanda?"

Mkuluyo anaseka mopanda chimwemwe. "Kumanda kwake kuti? Ife manda tinakumba Loweruka, zoona. Koma thupi linachedwa panjira, galimoto inawonongeka isanafike pachipata cha Dedza. Tinagona pano ndi dzenje lopanda munthu. Tinaika dzulo, anthu atatuluka m'tchalitchi. Ngati iwo anaponya dothi Loweruka, ndiye anakwirira mphepo."

* * *

Pamene Zipora ankabwerera pa Nathenje, ana asukulu anali akuweruka. A Kamchacha anawapeza pomwe anawasiya, koma tsopano atavala jekete ndi tayi.

"Maliro aja anaika Lamulungu, bambo," anatero Zipora osakhala pansi.

"Ndamva. Msuweni wanga wandiimbira mutangochoka kumeneko." Anayang'ana manja awo. "Pa ntchito yathu tinkati usanene chinthu chimene sunachione ndi maso. Ndakalamba."

"Ethel anasiya kutchedwa Nachisanu tsiku limene anaika amayi ake."

Apa nkhope yawo inasintha. Anatembenukira kuchithunzi chija, n'kukhala akuchiyang'ana.

"Zimenezo sindinadziwe," anatero motsitsa.

"Chinachitika n'chiyani pakhonde paja?"

"Anandilandira ngati tinasiyana dzulo. Anatsitsa bawo, anandidya kawiri, tinaseka za aphunzitsi athu akale. Ndiye ndinayamba nkhani imene ndinapitira. Ndinamuuza kuti ogula akachoka, Mitundu yense agona ndi njala, ndipo maiko amene akutikakamiza kuvomera mfundoyi sadzabwera kudzagula ngakhale tsamba limodzi. Zimenezo ndimazikhulupirira mpaka pano. Iye sanatsutse. Anangotsegula foni n'kundimvetsera mawu a kamtsikana kena kakufotokoza mmene kamasanzira kakasoka fodya wamuwisi. Ndinamuuza kuti azimitse. Anakweza. Ndinagwira foni, iye anakoka, ine ndinakoka. Kenako inali m'manja mwanga, iye ali pansi pa masitepe."

"Ankapuma."

"Ankapuma."

"Nyumba ya aneba ili pafupi," anatero Zipora, "mukanakuwa akanamva. Galimoto munali nayo, chipatala chili pa Mitundu pomwepa. Inu munakhala pansi n'kulemba uthenga."

A Kamchacha anayang'ananso chithunzi chija.

"Foni ili kuti?"

"Mumtsinje, pansi pa mlatho. Mawu aja apita, mayi. Mawa ku Lilongwe kulibe chokamvetsera."

Zipora anawatsegulira chitseko. Anatuluka okha, akukonza tayi, ndipo pamsewu ogulitsa tomato ankawalonjera mwaulemu poganiza kuti akupita kumsonkhano.

* * *

Rozina atamva kuti foni inatayidwa m'madzi, anapukuta manja pachitenje n'kufunsa funso limodzi.

"Minibasi yoyamba imanyamuka nthawi yanji?"

Anapita ku Lilongwe Lachiwiri ndi mayi Agnes, amene anavala yunifolomu ya Chigwirizano kuti alonda a pageti awapatse ulemu. Ethel anali ataimbira kale akuluakulu aja kuwauza za uthenga wabodza. Zimene Rozina ananena m'chipinda chimenecho Zipora sanazimve. Mayi Agnes anangomuuza kuti Rozina analankhula ataimirira, anakana tiyi, ndipo atamaliza panalibe amene anafunsa funso.

Lachinayi masana Zipora anali m'chipatala cha Mitundu. A Chikwakwa anali atatsegula maso dzulo lake, ndipo adokotala anamulola kuwaona pang'ono. Rozina anali atakhala pansi pafupi ndi bedi pamene Ethel anaimba. Mawu ochokera kumudzi anali atafika m'mawa womwewo. Dziko linavota kuvomera, ndipo mfundoyo inadutsa movutikira.

"Ndiye mawa kusintha chiyani?" anafunsa Rozina.

"Mawa palibe," anayankha a Chikwakwa, mawu akutuluka mokoka. "Mawa mukasankha fodya monga lero. Koma tsiku lina manijala akadzati palibe lamulo, mudzakhala ndi pogwira. Zinthu za kumeneko zimayenda ngati ngolo ya ng'ombe zokalamba. Ine ndatha moyo wanga ndikuzikankha."

Rozina anagwedeza mutu, anatsanzika, n'kupita kukasaka kabaza.

Zipora anasendeza mpando. "Bambo, ndikufunika mawu anu. Amene anakukankhani tamugwira."

"Sanandikankhe. Tinkalimbirana, ine ndinaterereka."

"Anakusiyani pamwala mukukha magazi."

"Zimenezo ndi zoona, ndipo mukazilembe momwemo." Anatseka maso, moti Zipora anaganiza kuti agona. Kenako analankhulanso. "Iwe ndiwe mwana wa a Kachigamba, a ku Chiradzulu aja. Unkaima pampanda ndi diresi lobiriwira."

"Ndine, bambo."

"Petro mwamusunga kuti?"

"Ali m'chitolokosi pompano. Akaonekera kukhoti sabata yamawa."

"Ali ndi matenda a shuga. Sanganene, amachita manyazi, anabisa ngakhale kwa mkazi wake. Akachedwa kudya amanjenjemera, kenako amakomoka." Anatambasula dzanja n'kuloza kambale kovundikira kamene mayi Agnes anasiya pakabati. "Tenga ako. Usamuuze kuti kachokera kwa ine, sadya."

Zipora ananyamula kambaleko. Kanali kakadali kotentha. Anatuluka nako m'chipatala, n'kuwoloka msewu kulowera kupolisi.